Mfuti Yophera Makoswe

1

Dzina langa ndine Petronella. Ndinabadwira ku Luchenza, koma zimene ndikufuna kukuuzani zinachitikira ku Leicester, ku Mangalande, kuyambira m'chaka cha 2004, m'kafulati ka pamwamba pa shopu ya Mai Gulshan ku Belgrave. Ine sindifulumira kunena munthu. Aphunzitsi athu a sukulu yamadzulo ankati ndimawerenga funso kawiri ndisanagwire cholembera. Khalidwe limeneli anthu amalitama. Muweruze nokha mukafika kumapeto.

Masana ndinkasamalira okalamba ku Oadby, madzulo n'kuthamangira kukoleji, ndi chiyembekezo choti tsiku lina ndidzakhala nesi. Amuna anga, a Kingstone, ankagwira ntchito pa famu ya nkhuku zamazira, kunja kwa tauni, njira ya ku Market Harborough. Viza yawo inali itatha kalekale. Ya Prisca, mng'ono wanga, nayonso inali itatha.

Prisca ndinamuitanitsa ndine, atangokwanitsa zaka makumi awiri ndi ziwiri. Tsiku lonyamuka mayi anandiuza pa foni kuti, "Mwanayu ndapereka kwa iwe, sindinapereke kwa azungu." A Kingstone anamupezera malo pa famu pomwepo, kulongedza mazira m'mathileyi. M'mawa ankanyamukira limodzi pa kagalimoto kathu kakale, chifukwa kufamuko basi sifika.

Kwathu mwamuna ndi mng'ono wa mkazi wake amaseleulana. Ndi chilamu, palibe amene amadabwa nacho.

"Madamu aang'ono, tiyi wanga ali kuti?" a Kingstone ankatero akangolowa.

"Alamu, manja anu anakulandani pa eyapoti?"

"Uona. Mkulu wakoyu akakalamba ndimubweza kwawo, nditenga iwe."

"Kaye mukasoketse masokosi, zala zikusuzumira."

Ndinkaseka mpaka kupukuta misozi. Kunja kunkada msanga, mphepo ikulowa pansi pa chitseko, koma m'khitchini mwathu munkamveka ngati pakhonde ku Luchenza.

2

Pa famupo makoswe anali atavuta, makamaka mu shedi yosungiramo chakudya cha nkhuku. Poizoni mwini famu ankamuopa chifukwa cha nkhukuzo. Mkuluyu anali ndi volovolo yakale imene anasiya bambo ake, mfuti yaifupi ija ya dzanja limodzi, yokhala ndi kagudumu kozungulira kamene mumalowa zipolopolo. Mfuti zoterezi kuno zinaletsedwa, choncho ankaibisa m'kabati mu shedimo, makiyi n'kuwapatsa a Kingstone, amene ankawakhulupirira. Zipolopolo zake sizinali zija za chitsulo chimodzi. M'kati mwa chilichonse munali tinjere ta mtovu tambirimbiri, tating'ono kuposa mapira, tophera mbalame.

A Kingstone ankakonda kuikamba mfutiyi pa chakudya.

"Imene ija ndi mfuti ya ana," anatero tsiku lina. "Khoswe akakhala pafupi, pano ndi firijiyo, wagona. Koma akakhala kuchitseko uko, tinjere timamwazika ngati ukufesa mawere. Iye amangokuyang'ana, kupukusa ndevu, n'kumapita zake."

"Ndiye phindu lake n'chiyani?" ndinafunsa.

"Siboola denga, siboola khoma, sipha nkhuku ya mbali inayo. Kwinako ndi phokoso basi."

"Yafanana ndi woigwira," anatero Prisca.

"Wamva, Petu?" anatero a Kingstone akundiyang'ana. "Mawa ndikuphunzitsa kuwombera, madamu aang'ono, uone ngati sukomoka."

Anamuphunzitsadi. Prisca anabwera akunyada kuti walasa chitini cha penti, ngakhale tinjere sitinachiboole, tinangochisiya ndi timadontho.

Masamba atayamba kuyoyoka m'mitengo, Prisca analeka kuyankha nthabwala. A Kingstone akamuseleula ankangonyamula mbale n'kupita kusinki. Ndinamufunsa, anati mutu. Tsiku lina ndikusita yunifolomu anaima pachitseko nthawi yaitali.

"Achemwali, simungandipezere ntchito kwanu ku Oadby? Ngakhale yokolopa."

"Kumene kuja amafuna mapepala, ukudziwa. Kufamu kwatani?"

"Fungo la nkhuku."

"Pirira kaye," ndinatero, ndikutembenuza kolala. "Tonse tinayamba ndi fungo."

3

Linali Lachinayi, kumapeto kwa Okutobala. Magetsi a Diwali, chikondwerero cha Amwenye, anali atakoloweka kale mu Belgrave Road. Ndinachoka ku shifiti chakumadzulo kuti ndikasinthe zovala, ndithamangire kalasi. Pakhomo ndinakumana ndi Mai Gulshan, eni nyumba athu, amene anakulira ku Limbe ndipo Chichewa amachiyankhula mopanda chilema.

"Mai Petronella, kwagwanji kwanu? Atsika galimoto imodzi koma ngati anthu osadziwana. Mwana uja wandidutsa osandipatsa moni, wopanda juzi, kuzizira konseku. Bambo akubwera pambuyo atagwira pamtima."

Ndinakwera masitepe mothamanga. A Kingstone anali pampando wa kukhitchini, malaya ali magazi okhaokha. Nditawavula ndinaona timabowo tambiri pachifuwa, m'munsi mwa phewa lamanzere, towunjikana pamalo okwana chikhatho changa.

"Ngozi," anatero. "Ndimawombera khoswe pakona. Tinjere tamenya simenti n'kundibwerera."

"Tiyeni kuchipatala."

"Wapenga? Bala la mfuti adokotala amaitana apolisi. Apolisi apita kufamu, apeza mfuti, apeza anthu opanda mapepala. Tonse tikwera ndege, ndi mng'ono wako yemwe. Iwe si ndiwe ukuphunzira unesi? Chotsa."

Ndinaima n'kuganiza, monga mwa chizolowezi changa. Zimene ananena zinali zoona. Ndinatsika kukagula mankhwala otsukira bala ndi thonje kwa Mai Gulshan, amene ankatseka msanga popeza unali mwezi wawo wosala. Ndinawiritsa kopanira kanga kozulira nsidze, n'kusamba m'manja mpaka m'zigongono.

"Prisca! Bwera undigwirire tochi."

Kubafa madzi ankangotaika. Ndinagogoda, ndinagogodanso, mpaka anatsegula, tsitsi lili chonyowa.

"Alamu ako akutaya magazi, iwe ndiye wasankha nthawi ino kusamba? Tiye!"

Ndinamukoka pa mkono. Anaima pambali panga, tochi kudzanja limodzi, kambale kudzanja lina. Tinjere sitinalowe patali, jekete yawo yokhuthala inali itatichepetsa mphamvu. Ndinkatitola kamodzikamodzi n'kuponya m'kambalemo. Kuwala kwa tochi kunkangovina, pena pakhosi, pena pakhoma. Kunja ana a anthu anali atayamba kuphulitsa makombola awo a chikondwerero, ndipo kulikonse kukaphulika Prisca ankadzidzimuka thupi lonse.

A Kingstone, mano atalumana, anakweza maso.

"Wanika bwino, madamu aang'ono."

Tochi inagwa pansi, mabatire n'kumwazika.

"Iwe mtima wako ndi wotani?" ndinamukalipira. "Munthu amene anakupezera ntchito, amakunyamula tsiku ndi tsiku, ukulephera kumugwirira tochi? Tola!"

Anatola. Anawanika mpaka ndinamaliza.

Tinjere ndinatitaya m'chimbudzi. Jekete a Kingstone anati ndikaitaye mu bini ya zinyalala kuseri kwa shopu. Poikulunga ndinaona kuti pamene panabookapo nsalu inali yakuda, yowauka ngati yakhudza mbaula. Ndinaona, ndinadabwa pang'ono, ndinaitaya.

4

Lamulungu titabwerako kutchalitchi, tinapeza chikwama cha Prisca palibe. Anandiimbira madzulo ake. Anati ali ku Corby, kwa mayi wina wa ku Zambia amene anadziwana naye pa ukwati, ndipo amupezera mashifiti ku weyahausi, nyumba yaikulu yosungiramo katundu.

"Prisca, ndinakulera, ndinakubweretsa kuno. Lero m'nyumba muli wodwala, iwe wathawa osatsanzika?"

"Inde, achemwali."

"Yankho lako ndi lomwelo?"

"Inde, achemwali."

Foni inaduka.

Bala la a Kingstone linapola bwino, ndipo ndinanyada ndi manja anga. Kufamu anawauza kuti anagwidwa ndi chimfine champhamvu cha nyengo yozizira. Ndikadandaula za Prisca ankati, "Musiye. Atsikana akafika kuno amamera mapiko. Mwina wapeza kamnyamata." Pa Khirisimasi Prisca sanabwere. Ndikamuimbira ankati ali pa shifiti. Mayi akafunsa ndinkati ali bwino, wangotanganidwa. Mumtima ndinkamuona ngati mwana wosayamika, komabe ndinkadziuza kuti ndisamuweruze ndisanamve mbali yake.

5

Chimene chinanditsegula maso ndi tiyi wa kutchalitchi, pambuyo pa Isitala.

Tinali ndi a Ivan, bambo wachikulire wobadwira ku Zimbabwe koma makolo awo a ku Dedza. Ankagwira ntchito pa famu yomweyo, ndipo popeza ankhoswe athu enieni anali kutali, iwo ndiwo ankaimira unkhoswe wathu kuno. Tsikulo a Kingstone anali panja, akuonetsa anzawo injini ya galimoto. A Ivan anabwera ndi kapu yawo kudzakhala pafupi nane.

"Amuna anu masiku ano mfuti saigwiranso, mai. Makoswe andisiyira ine nkhalamba. Dzulo lomweli ndaphonya, tinjere tamenya khoma n'kundibwerera kumaso konseku."

Ndinawayang'ana kumaso. Panalibe ngakhale kachipsera.

"Sitinakulaseni?"

"Tobwerera? Ayi. Tija n'tofewa, tikamenya simenti timaphwatalala, mphamvu yonse yathera pomwepo. Umangomva ngati wina wakuwaza mchenga. Maso okha ndiwo oopa. Ngakhale malaya sitiboola."

"Nanga kuti tiboole jekete yokhuthala, n'kulowa m'thupi pamalo amodzi?"

Anaseka. "Ndiye kuti mfutiyo yakuloza iweyo, ndipo ili pafupi, pano ndi pamene mwakhalapo. Pamenepo ngakhale nsalu imawauka. Ikangotalikira pang'ono, timabalalika, kena kumwendo, kena kudenga. Bwanji mwafunsa?"

"Za kusukulu," ndinanama.

Tiyi anandizizirira m'manja. Tinjere timene ndinachotsa ine sitinali tophwatalala. Tinali tobulungira bwinobwino, tinkagubuduka m'kambale.

Sindinawafunse a Kingstone. Ndinaphika, tinadya, ndinachapa. Sabata yonse ndinkasambitsa okalamba ku Oadby mutu uli kwina. Munthu wina anawaloza mfuti amuna anga, ali pafupi. Munthu ameneyo iwo anamubisa. Ndipo tsiku lomwelo mng'ono wanga anasintha, kenako n'kuthawa. Ndikuuzani zoona, owerenga: chimene chinandibwerera m'maganizo ndi choti awiriwa anali pa chibwenzi, anakangana ngati mmene zibwenzi zimakanganirana. Loweruka ndinakwera basi ya ku Corby nditakonzeka kumukhululukira mng'ono wanga chifukwa chondibera mwamuna. Ndinkadziona ngati munthu wamtima wabwino kwambiri.

6

Ndinamupeza m'kachipinda kakang'ono koyang'ana pamalo oimika malole. Anali atawonda, tsitsi atameta. Anandipatsa mpando, iye n'kukhala pabedi, manja ali pakati pa mawondo.

"Unawombera ndiwe?" ndinafunsa.

"Ndine."

"Chabwino. Sindinabwere kudzakalipa. Ndingofuna kudziwa. Munayamba liti?"

Anandiyang'ana m'maso.

"Munayamba? Mwakwera basi kuchokera ku Leicester kudzandifunsa kuti munayamba liti?"

"Ndiye ndiuze."

Anayamba kuyankhula motsitsa, akuyang'ana kapeti.

"Kunyumba ankanena pakamwa, inu n'kumaseka. Kufamu ankanena ndi manja. M'galimoto, kuseri kwa mathileyi, paliponse. Ndikakana ankati, 'Ndi chilamu ichi, usakhale ngati mzungu.' Ndikati ndikakuuzani, ankati, 'Kamuuze, aseka. Si amaseka tsiku lililonse?'"

Anapitiriza.

"Tsiku lija anzathu atapita kukadya, anandituma kukatenga mathileyi ku shedi. Ndikutembenuka, atseka chitseko. Mfuti inali pathumba la chakudya, anali akuwombera makoswe m'mawa. Ndinaitola. Ndinati, alamu, imani pomwepo. Anaseka, akubwerabe. Ndinati, alamu, chonde. Atafika poti atha kundigwira, ndinawombera."

Ndinayamika Mulungu mumtima chifukwa cha mfuti yakaleyo, chifukwa cha mzungu amene anaibisa, chifukwa cha tsiku limene anamuphunzitsa kuwombera.

"Unachita bwino," ndinatero. "Ndiye anakusiya."

Prisca anakweza mutu.

"Achemwali, munamva nokha pa tebulo. Ija ndi mfuti ya ana."

Panja lole inkabwerera m'mbuyo, ikulira kachizindikiro kake.

"Anangodzandira, n'kutukwana, n'kundilanda. Sinawaimitse."

Ndinafuna kumugwira dzanja, koma analibweza.

"Atatha anati ndikwere galimoto. Ndikanapita bwanji, kulibe basi. Njira yonse ndinkadziuza kuti tikafika, achemwali akaona magazi aitana ambulansi. Apolisi abwera, andifunsa, ndinena zonse. Ngakhale andimange, ngakhale andikweze ndege, bola wina andifunse. Koma inu munati ndigwire tochi."

"Bwanji sunandiuze, Prisca? Pomwepo, m'khitchini muja?"

"Munali mukuwapukuta thukuta pamphumi. Munkawauza kuti pepani, pepani bambo, katsala kamodzi."

7

Ndinaitana a Ivan Lolemba lake masana, nditapempha kuchoka msanga kuntchito. Tinakhala atatu pa tebulo. Ndinafotokoza zonse mwadongosolo, osakweza mawu.

A Kingstone sanakane.

"Chilamu chinangopitirira muyeso," anatero. "Zimachitika. Komanso tisaiwale, wolasidwa pano ndine. Akanandilasa m'maso bwenzi pano ndili wakhungu."

A Ivan anavula magalasi.

"Kingstone, khala chete. Ine ndili ndi ana aakazi. Chimene wachita chilibe dzina la chilamu, usatinyoze." Kenako anatembenukira kwa ine, ndipo mawu awo anatsika. "Koma mai, ndikuuzeni monga nkhoswe. Mukapita kupolisi, woyamba kufunsidwa ndi mwanayo. Anagwira mfuti yoletsedwa, anawombera munthu, mapepala alibe. Uyu anena kuti ankagwirizana. Papita miyezi. Umboni uli kuti? Jekete ija ilipo? Tinjere tija?"

Umboni ndinali nditautaya ndekha, ndi manja anga osamba bwino.

Ndinamuimbira Prisca pomwepo, onse akumva. Ndinati ngati akufuna, ndipita naye kupolisi, ndikanena zimene ndinaona ndi zimene ndinachita, ngakhale sukulu yanga ithere pomwepo.

"Ndinkafuna mu Okutobala," anatero. "Pano ndatopa."

Zovala za a Kingstone ndinaziika m'mapepala akuda a zinyalala n'kuzitsitsa pa masitepe. Anayamba kukuwa kuti fulati ndi yawo. Mai Gulshan anatuluka mu shopu, sanafunse kanthu, anangoti, "Bambo, nyumbayi ndi yanga. Makiyi." Anawapereka.

Kutchalitchi nkhani inafika itavala zovala zina. Amayi ena anandikokera pambali n'kundilangiza kuti banja silitha chifukwa cha nthabwala za mlamu, ndipo atsikana a masiku ano nawonso sadziwa kuvala. Ndinangoleka kupitako. A Kingstone ndimamva kuti ali cha ku Coventry, anakwatiranso. Mkaziyo sindikumudziwa. Ndinayesa kufufuza ngati ali ndi mng'ono wake, koma palibe anandiuza.

8

Mu Juni Prisca anandiuza kuti akubwerera kumudzi. Palibe anamuthamangitsa, anasankha yekha. Anavomera kuti ndimuperekeze pokwerera makochi, mabasi a maulendo ataliatali, pa St Margaret's, popita ku eyapoti.

Tinafika msanga. Tinakhala pa benchi, chikwama chili pakati pathu.

"Khala, Prisca. Munthu uja anachoka. Chipinda chako chilipo."

"Nyumba ija sindingalowemonso."

"Ndisamuka. Tipeza kwina, ngakhale ku Corby komweko. Ndikamaliza sukulu ndidzakuthandiza mapepala, udzaphunzira zimene ukufuna."

"Si nyumba yokha, achemwali."

Kochi inafika. Dalaivala anatsegula kunsi koika katundu, ndipo ndinamunyamulira chikwama. Sanandiletse.

"Mayi ndikawauza kuti kuzizira kwandikanika," anatero. "Inunso muzinena zomwezo. Ali ndi vuto la mtima, musawaphe."

Ndinamukumbatira. Analola, koma manja ake anali pansi.

"Ukundida?" ndinafunsa.

"Ayi. Ndinayesa, zinakanika. Kungoti sindikudziwa kuti ndizikamba nanu chiyani."

Anakwera. Anakakhala mbali inayo, kumene kunalibe zenera loyang'ana kumene ndinaima.

9

Owerenga anzanga, tsopano ndine nesi. Ndimagwira ntchito yabwino, odwala amandikonda, amati ndili ndi manja ofatsa. Bala lililonse limene limabwera patsogolo panga ndimalifunsa kuti lachokera kuti, ndipo ndimafunsanso munthu amene waima pambali pa wodwalayo, pandekha, chitseko chili chotseka. Anzanga amati ndimachedwetsa mzere.

Sindikunena kuti chilamu n'choipa. Bambo anga ankaseleulana ndi amayi athu aang'ono mpaka imvi, popanda chonyansa chilichonse. Koma kwathu kuja pamakhala maso ambiri, agogo, atsibweni, anansi, ndipo mtsikana akatopa ali ndi khomo lina loti akagogode. Kuno mng'ono wanga anali ndi khomo limodzi lokha, langa. Inu amene mwaitanitsa achibale n'kuwasunga m'mafulati mwanu, muzikumbukira zimenezi. Ndipo mantha a mapepala asakufulumizitseni kupukuta magazi musanafunse kuti atuluka bwanji.

Prisca ali ku Blantyre, amaphunzitsa ana a mkaka ku Chilomoni. Kwa zaka zingapo, ndikaimba foni kwa mayi iye ali pomwepo, ndinkamva mayi akunena chapatali kuti, "Ndi mkulu wako." Kenako kachetechete. Kenako mayi ankabwerera pa foni n'kunena kuti, "Wangotuluka kumene."

Mwezi wathawu ndinaimba monga mwa masiku onse. Ndinamva mayi akuti, "Ndi mkulu wako." Ndinadikira bodza lija. M'malo mwake ndinamva foni ikusintha manja.

"Muli bwanji, achemwali?"

"Ndili bwino, Prisca. Kaya iwe?"

"Ndili bwino."

Tinakhala choncho, aliyense akumva kupuma kwa mnzake, mpaka khadi yanga ya foni inatha.